CG125 ya kasitomala ikutsamwa chichotsereni bokosi la mpweya

Makanika wa pa Dedza boma: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto landisowetsa tulo masiku anayi. Mphunzitsi wina wa konkuno anandibweretsera njinga yamoto ya Honda CG125 yakale, ija ya mapointi (tizitsulo totseguka ndi kutseka kuti pulagi ithethetse moto) ndi magetsi a 6V, imene malemu bambo ake ankayendera pa ntchito ya ulangizi. Yakhala m'khitchini zaka, mpaka nkhuku zinkaikira mazira pansi pa injini. Akufuna ikhale cafe racer: mahandulo otsika, chishalo chopyapyala cha kalinunda kumbuyo, pakati pa felemu pakhale mbee. Ndadula kumbuyo, ndachotsa bokosi la mpweya n'kuika kasefa kozungulira pakamwa pa kabuleta, ekizozi ndaika yaifupi. Maonekedwe ndiye palibe chonena. Koma ikalira, aidolo (kulira kwa injini usanakoke moto) ikukwera yokha kenako n'kutsika. Ndikakoka moto kufika pakati ikutsamwa ngati izime, ndikasiya ikuphulika pha! pha! ku ekizozi. Dzulo pochokera ku Linthipe ndakwera chitunda chonse pa giya 2. Kabuleta ndatsuka kawiri. Ndithandizeni, njinga iyi mwini wake amaiona ngati bambo ake.

Madala a pa Lizulu: Mphwanga, masula pulagi utiuze mtundu wake. Ndiponso ikamatsamwa choncho, takoka choko pang'ono umve ngati ikusintha.

Makanika wa pa Dedza boma: Pulagi yayera ngati ufa woyera, madala. Choko ndikakoka theka, ikutenga moto bwinobwino.

Madala a pa Lizulu: Basi yadziulula yokha. Ikumwa mpweya wambiri, petulo wochepa. Bokosi lija silinali la fumbi lokha ayi, linkachepetsa mpweya ndi kuudekhetsa, ndipo majeti a m'kabuleta, tizitsulo ta kabowo todutsitsa petulo tija, anawayeza molingana ndi bokosilo komanso ekizozi yaitali. Iwe watsekula kolowera, watsekulanso kotulukira, majeti ndi omwe aja. Usayendenso nayo mtunda ili choncho. Injini yoperewera petulo imatentha, udzapsereza vavu ya ekizozi kapena kuboola pisitoni.

Wa kabaza pa Ntcheu: Amwene, ingokulitsani bowo la jeti ndi kawaya ka buleki. Ife timatero, imathamanga ngati yatsopano.

Madala a pa Lizulu: Ayi mwana wanga, zimenezo usaphunzitse anzako. Jeti ndi yofewa, waya umaikulitsa mopanda muyeso ndipo bowo silikhalanso lozungulira. Ukapyola sungabwezenso, njinga imayamba kufuka utsi wakuda ndi kumwa petulo ngati thobwa la pa chinkhoswe. Petulo wake wavuta chonchiyu?

Mayi wa masipeya, msika wa Ntcheu: Achimwene, majeti ndili nawo ochotsa m'makabuleta a njinga za ku China. Injini zambiri za njinga zimenezi anatengera pa CG yomweyo, ndiye ambiri amalowa. Masulani yanuyo muone nambala yolembedwa pambali, mubwere nayo kapena muitumize pa minibasi tiyerekeze mazinga ake. Mutenge awiri, yokulirapo sitepe imodzi ndi ina masitepe awiri.

Wophunzira ntchito, Tsangano Turn-off: Pepani mabwana ndifunseko. Cafe racer yo ndi kampani kapena?

Makanika wa pa Dedza boma: Si kampani, aise, ndi kakonzedwe. Zinayambira ku England m'ma 1950 ndi 1960. Anyamata ankakumana pa malo omwera tiyi ngati Ace Cafe ku London, n'kumachotsa pa njinga zawo chilichonse cholemera kuti afike mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita 160. Ena ankatenga injini ya Triumph n'kuiika m'felemu ya Norton, n'kuitcha Triton. CG125 singafike kumeneko, ife tikutsata maonekedwe ndi kupepuka. Honda anaipanga m'ma 1970 poganizira maiko a misewu ngati yathuyi, n'chifukwa chake injini yake ndi ya mapushirodi, yosavuta kusamala.

Wowotcherera wa pa Chimbiya: Madala anena zoona, koma pali chimodzi chikundikayikitsa. Jeti yaikulu siikhudza aidolo. Aidolo ikamakwera ndi kutsika yokha, ndiye kuti mpweya ukubera penapake pakati pa kabuleta ndi hedi. Taganizani: kale kabuleta inkagwiridwa mbali ziwiri, kutsogolo ndi manifodi yoilumikiza ku hedi, kumbuyo ndi paipi ya bokosi. Pano ikulendewera mbali imodzi, kasefa kali kumapeto ngati dzungu pa mpanda. Ndi mabampu a kwathu kuno, labala ya zaka zonsezo ingapirire? Ilizeni pa aidolo injini isanatenthe, mupopere pang'ono mankhwala otsukira kabuleta pozungulira manifodi. Kulira kukasintha, mwapeza poboola. Chitirani panja, kutali ndi mbaula.

Chinanso achimwene, chitsulo chokhota mwawotcherera kumbuyocho mwachiyesa? Masulani mashoko onse awiri, mukweze tayala mpaka pomwe shoko imathera, muone ngati silikukhudza pansi pa chishalo. Ndinalandirapo ina imene tayala linadya mawaya a getsi lakumbuyo. Ndipo girayinda isayandikire pakhosi pa felemu pomwe pali nambala, popita ku Road Traffic nambala imeneyo amaiwerenga.

Makanika wa pa Dedza boma: Mwadzuka bwanji nonse? Bwana wa pa Chimbiya, mwalasa. Nditangopopera, injini inakwera yokha. Nditamasula ndapeza O-ring yaphwatalala ngati chikopa chouma, ndipo labala ya manifodi ili ndi mng'alu kunsi, kosaoneka ndi maso pokhapokha uipinde ndi chala. Ndasintha zonse ziwiri, ndapanganso kachitsulo kochokera pa felemu kogwira kabuleta kumbuyo, ndi kalabala pakati. Aidolo yakhazikika, ikungoti du-du-du. Koma pakati ikutsamwabe pang'ono.

Madala a pa Lizulu: Tsopano ndiye tiyambe kutchuna, chinthu chimodzi pa nthawi. Usanakhudze kabuleta, yeza mavavu injini itazizira, 0.08 mm onse awiri. Mapointi atseguke pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm, pulagi 0.6 mpaka 0.7 mm. Ukatero tulutsa singano ya m'kabuleta. Ili ndi timizere kumutu kwake, tsitsa kakilipu mzere umodzi kuti singano ikwere, pakati padzalowa petulo wokwanira. Uyende, umve. Kenako jeti yokulirapo sitepe imodzi. Pouyesa mtundu wa pulagi usabwerere nayo ku shedi ili pa aidolo, idzakunamiza. Thamanga nayo moto wonse pamalo owongoka, gwira kilatchi, zimitsa pomwepo, masula pulagi m'mbali mwa msewu. Tikufuna mtundu wa tiyi wamkaka.

Ndiye mvetsa ichi, poti ambiri chimawapita. Dedza ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Njinga imene waitchuna bwino pa boma, ikatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti yatsika mamita pafupifupi 1,000. Mpweya kumeneko ndi wolemera, ndiye idzaperewanso petulo, kutenthanso kuli apo. Mufunse mphunzitsiyo kumene aziyenda.

Makanika wa pa Dedza boma: Akuti kwawo kwa akazi awo ndi ku Mtakataka, azipitako mwezi ndi mwezi.

Madala a pa Lizulu: Ndiye uisiye yonona pang'ono kuno kumtunda. Koma mtima wanga sukukondwa ndi kasefako. Okutobala akubwera, fumbi la misewu ya kumudzi lija kasefa ka waya sikaligwira, limapita kukadya maring'i. Mvula ikayamba, tayala lizidzaponyera madzi pomwepo. Ndikanakhala ine ndikanabwezera bokosi.

Wowotcherera wa pa Chimbiya: Bokosi likabwerera, pakati pa felemu paja patsekeka, ntchito yonse ija yapita. Aike sefa ya siponji yonyowetsa ndi oyilo, ndipo ine ndimupindira kachidutswa ka lata kopyapyala kotchinga pakati pa tayala ndi sefa. Tikakapaka penti yakuda sikaoneka.

Madala a pa Lizulu: Siponji ndivomera, bola mwini wake aphunzitsidwe kuitsuka ndi kuipakanso oyilo. Magalasi ndi maindiketa abwezerepo, pa rodibuloko sadzamva za London.

Makanika wa pa Dedza boma: Akuluakulu, ndikulemba ndili pa Golomoti, pansi pa mtengo wa malambe. Singano ndakweza mzere umodzi, jeti ndaika yokulirapo sitepe imodzi ija Mayi anatumiza. Pa boma pulagi inali yoderako pang'ono, pano ndamasula ili ngati tiyi wamkaka ndithu. Kuphulika kwatha. Ndikudikira izizire ndiyambe kukwera, ndikamve mmene ikokere m'makona aja. Bwana wa pa Chimbiya, mawa m'mawa ndikupezani ndi njinga yomwe, muyeze kachidutswa ka lata kaja.