Kakampani ka antchito 9, ndiwalowetse ku MASM (inshulansi ya chipatala) kapena ndizingowathandiza pamanja?

Wa_Chitakale:
Abale ndipatseni nzeru. Ndili ndi chigayo komanso shedi ya matabwa pa Chitakale, antchito onse alipo 9. Mwezi wathawu mwana wa mnyamata wanga mmodzi anagonekedwa ku Mulanje Mission, bilu ndinalipira ine, sabata yomweyo wina mayi ake atisiya ku Limbuli, bokosi, galimoto, ufa, zonse kuyang'ana kwa ine. Sikuti ndikudandaula ayi koma thumba latopa. Ndiye ndimaganiza za MASM, kodi ndizidula pa salale yawo kapena ndizilipira ndekha?

AnaNgozo_Luchenza:
Achimwene musanathamangire za chipatala, penshoni mukuwasungira? Chifukwa ya chipatala ija ndi kufuna kwanu koma penshoni ndi lamulo, la 2011 lija analikonzanso mu 2023. Inu mumaika 10% ya malipiro, wantchito 5%. Komanso lamulo lomwelo limati muwagulire inshulansi ya moyo kuti munthu akamwalira ali pa ntchito banja lake lilandire ndalama zosachepera malipiro a chaka chathunthu. Pitani ku Old Mutual kapena NICO akakuwerengereni, anthu 9 si nkhani yovuta.

Mlomwe_weniweni:
Zoona zimenezo, koma bwana chonde mukadula muzikapereka. Ine ndinagwira zaka 4 pa kampani ina ku Bvumbwe, pa payslip 5% imachoka mwezi ndi mwezi, tsiku lomwe ndinapita kukafunsa sitetimenti ndinapeza anasiya kutumiza kalekale, mpaka tinakadandaula ku Reserve Bank. Mtima umandiwawabe.

MaiGrocery_Makwasa:
Ife kuno tinapanga zophweka. Thumba la maliro, aliyense K2,000 pa mwezi, ine ndimaonjezerapo yanga, buku amasunga okha ine sindiligwira n'komwe. Za MASM gawanani theka theka, munthu akamaikapo yake amasamala khadi. Koma muwauziretu kuti pamakhala nthawi yodikira ndipo zina amadzaonjezera okha pa kauntala, apo bii adzati bwana watinamiza. Mufunsenso ngati chipatala chomwe amapitako chimalandira khadiyo, ife tinayamba tafunsa ku Malamulo.

Wa_Chitakale:
Eee AnaNgozo mwandigwira pakhosi, penshoni sindinayambe, ndimangoti ndi za ma esiteti a tiyi. Lolemba ndikwera minibasi ya ku Blantyre. Nanga aganyu onyamula matabwa aja nawonso akulowa?

AnaNgozo_Luchenza:
Mukafunse komweko, mutenge mndandanda wa onse ndi masiku omwe anayamba ntchito.