Sikelo yafa: nkhuyu zouma 450 g ndi makapu angati?

Mayi wa makeke: Akuluakulu, ndithandizeniko msanga. Pali oda ya keke ya zipatso, resipi ikufuna nkhuyu zouma zoduladula 450 g, koma sikelo yasiya kugwira ntchito. Ndiyeze makapu angati?

Bambo wa bekare: Mayi, tiyambe ndi kapuyo, ndi yotani? 450 g ndi pafupifupi paundi imodzi, yomwe ndi 454 g. Kapu ya ku America ndi ya 237 ml, ndipo mumalowa nkhuyu zouma zodula pafupifupi 150 g. Pamenepo ndi makapu atatu basi. Ngati yanu ndi ya 250 ml, mumalowa cha m'ma 158 g. Yezani atatu, kenako muchotsepo masupuni aakulu awiri.

Mayi wa makeke: Ndi kapu yomwera tiyi, bambo, sinalembedwe chilichonse.

Bambo wa bekare: Imeneyo musaikhulupirire musanaiyese. Tengani botolo la 500 ml lodzaza madzi. Madziwo akadzaza kapuyo kawiri n'kuthera pomwepo, ndi ya 250 ml. Akatsala ambiri, ndiye kuti ndi yaing'ono, pezani ina.

Wophika ku hotela: Masamu a bambowo ali bwino, koma chomwe chimasokoneza anthu ndi kadulidwe. Nkhuyu zathunthu zimasiya mipata m'kapu, ndiye mumalowa zochepa. Zodula tinthu ting'onoting'ono zimathithikana, mumalowa zambiri. Dulani kaye, muyeze pambuyo. Zidutswa zikhale zofanana, zazikulu ngati njere ya nyemba, ndipo kamchira kolimba kaja mukachotse musanadule. Pothira m'kapu musatsindire ndi chala, ingogwedezani pang'ono n'kusalaza pamwamba. Nkhuyu zimamata, mukatsindira mulowetsa zochuluka kuposa muyezo, keke n'kutuluka yolemera, yotsekemera mopyola, pakati posapsa.

Kuti zisamatirire podula, pakani sizasi kapena mpeni timafuta tophikira.

Chemwali wa masikono: Za kunyika musaiwale. Ngati resipi ikuti muzinyike m'madzi otentha kapena mu tiyi, yezani zisananyowe. Zikamwa madzi zimafufuma komanso zimalemera, 150 g ija sigwiranso ntchito. Mphindi 10 mpaka 15 zimakwana, kenako muzikhetse madzi n'kuzipukuta ndi kansalu koyera. Tapaniko supuni imodzi kapena awiri pa fulawa yomwe mwayeza kale, muwaze pa nkhuyuzo kuti zisamire pansi pa thini. Fulawa yake ikhale ya m'resipi momwemo, osati yowonjezera.

Mayi wa makeke: Zikomo nonse. Koma paketi ina ili ndi zoyerayera pamwamba, si chuku chimenechi?

Wophika ku hotela: Nthawi zambiri ndi shuga wa chipatsocho amene watulukira kunja, zimachitika kwambiri ndi zouma za ku Turkey. Ing'ambani imodzi muone mkati. Ikakhala ndi zaubweyaubweya, zakuda, kapena fungo losasa, tayani. Chinanso mayi, onani paketiyo. Ngati ndi ya 250 g yosatsegula, kapu siikufunikanso. Tengani mapaketi awiri, muchotsepo gawo limodzi mwa magawo asanu a paketi imodzi, ndiye 50 g imeneyo.

Bambo wa bekare: Ndipo muyezo wonsewu ndi wa zouma. Zaziwisi zili ndi madzi ambiri, musazilowetse m'malo mwa zouma kapu kwa kapu, mtanda umalowa madzi. Sikeloyo yesani kusintha batire musanaitaye.