Juno-106 uja wayambanso kulira bwino

Paja ndinafunsa za Juno-106 wanga, sinthesaiza (chida choimbira cha makiyi choyendera magetsi) ya 1984, amene ankangomeza noti imodzi ndikamadina makiyi motsatizana. Ena munati vuto ndi makiyiwo, koma ayi ndithu. Chidachi chimatha kuliza manoti 6 nthawi imodzi, ndipo iliyonse imadutsa pa kachipu kakekake ka 80017A. Utomoni wakuda wokuta kachipuko ukakalamba umayamba kudutsitsa magetsi, kachipuko n'kusokonekera, noti yake osamvekanso.

Ndinazula kodwalako n'kukaviika mu acetone (mankhwala amadzimadzi osungunulira zinthu) mpaka utomoni unafewa ngati chingamu, kenako ndinausenda pang'onopang'ono. Timiyendo take sitichedwa kuthyoka, musachite phuma. Nditakawotcherera pamalo pake, noti ija inabwerera.

Chatsala n'kuchuna fyuluta yake (gawo la kachipuko losefa mamvekedwe a noti), chifukwa ikumveka mosiyanako ndi zinzake. Timachipu tina 5 tija sindinatikhudze, tikugwirabe ntchito.