Kuthamanga ku Acadia, njira zabwino ndi ziti?

Wa_pa_Likhubula:
Moni nonse. Ine ndili ku Worcester kuno ku America chaka chachiwiri tsopano, ndiye September akubwerayu kuntchito andipatsa masiku anayi ndipo ndikufuna ndikawathere ku Acadia National Park ku Maine, pa chilumba chija cha Mount Desert. Kumudzi ndinkathamanga m'phiri la Mulanje, Porters Race ndinalowako kawiri, koma kuno ndimangozungulira pa tala mpaka mawondo ayamba kundidandaulira. Ndayang'ana pa mapu ndaona kuti phiri lalitali kumeneko ndi Cadillac, mamita 466 okha, kwathu chimenecho ndi chulu kkkk sinanga Sapitwa ndi 3,002. Nde amene munafikako ndithandizeni, njira zothamangika bwino ndi ziti, osati zoyenda ndi kamera pakhosi ayi, ndikufuna ya makilomita 20 kapena kuposera pang'ono tsiku limodzi, masiku enawo zifupizifupi. Komanso nsapato zanga za pamsewu zikwana kapena ndigule zina?

Nachisale_Portland:
Achimwene mwasankha nyengo yabwino, September anthu amakhala achepako ndipo tintchentche takuda toluma tija ta May ndi June timakhala titatha. Ine ndimapitako chaka chilichonse, kuchokera kuno ndi maola atatu pagalimoto, inu muwerengere asanu kapena kuposa.

Yambani ndi ma carriage road. Ndi misewu ya miyala yogaya, ngati kwale wosalala bwino, yomwe John D. Rockefeller Jr. anamangitsa kuyambira 1913 mpaka 1940 kuti aziyendamo ndi ngolo za akavalo chifukwa sankafuna phokoso la magalimoto, mpaka lero galimoto sililowamo. Yonse pamodzi ndi mamailosi 45, ndiye makilomita 72 amenewo, ili ndi milatho yamiyala yokongola zedi ndipo m'mbali anaikamo zimiyala zikuluzikulu zomwe anthu amangoti mano a Rockefeller. Kuzungulira Eagle Lake ndi pafupifupi makilomita 10, Witch Hole Pond ndi 5 ndi kanthu, ziwirizi zimalumikizana ndiye mutha kuzimanga pamodzi. Ya 20 mukufunayo tengani Around the Mountain kuyambira ku Jordan Pond, ndi cha m'ma 18 ndipo ili ndi mtunda wautali woti mumva kukoma, mukawonjeza kuzungulira Jordan Pond yemweyo mwadutsa kale 20. Kungoti mbali ya kumadzulo kwa Jordan Pond njira ndi ya matabwa opapatiza, mukakumana ndi banja la ana atatu ndi galu mumangoima basi.

Mphambano iliyonse ili ndi chikwangwani chamtengo chokhala ndi nambala, ndiye tengani mapu apepala mulembe manambala anu padzanja, netiweki mkatimo imabwera ikafuna. Ndipo musadzayerekeze kusambira mu Eagle Lake kapena Jordan Pond olo mutatenthedwa bwanji, ndi madzi akumwa a matawuni apafupi, kosambira ndi ku Echo Lake.

Madala_wa_ku_Lowell:
Achemwali mwafotokoza bwino koma munthu wa Porters Race mukumutumiza pa msewu wa ngolo? Kumeneko ndi kwa ife a mawondo otha kkkk. Mwana wa ku Mulanje akufuna thanthwe.

Iwe mphwanga, chulu ukuchinenacho usachipeputse. Mamita 466 amenewo umayambira pafupi ndi nyanja penipeni, palibe kuti galimoto yakukwezako theka, ndipo pamwamba ponse ndi mwala wa granite wopanda dothi. Kwera Cadillac kudzera South Ridge, imayambira pa Route 3 pafupi ndi Blackwoods Campground, makilomita 5 ndi theka kukafika pamwamba. Poyamba ndi m'nkhalango mizu ili paliponse uziyang'ana pansi, kenako mitengo imatha umangotulukira pa thanthwe loyera nyanja ili kumbuyo kwako tizilumba tili mbwee, mtunda wake ndi wofatsa woti umathamangika pafupifupi wonse, pamenepo ndi pamene ndinati ndalama ya mafuta sinapite pachabe. Ukafika pamwamba upeza anthu obwera pagalimoto atavala masilipasi akujambulana, usakhumudwe, tsikira North Ridge makilomita 3 ndi theka, mmunsi ukwere basi ya Island Explorer, ndi yaulere ndipo imayenda kuyambira kumapeto kwa June mpaka October. Tsiku lina upange mapiri a Penobscot ndi Sargent kuchokera ku Jordan Pond, kumeneko kulibe msewu wa galimoto ndiye pamwamba umakhala wekha ndi mphepo.

Za nsapato gula za mphira wogwira, osakambirana. Ine chaka china ndinapita ndi za pamsewu, kunja kunacha bwinobwino koma cha m'ma 9 nkhungu inatuluka m'nyanja ngati chiperoni, mwala wonse unanyowa popanda dontho la mvula, potsika ndinangoona miyendo ili m'mwamba, chigongono chinatupa sabata ziwiri. Mwala umenewu ukauma umagwira ngati sandipepa koma ukanyowa ndi sopo. Nkhungu ikatseka uzitsata penti yabuluu pamiyala ndi timilu tamiyala tomwe anasanja, miyala iwiri pansi umodzi wopingasa pamwamba ndi kena kolozera njira, ndipo usawonjezerepo wako, amaletsa.

Wa_pa_Likhubula:
Zikomo akuluakulu, chulu ndachibweza kkkk. Nanga Precipice ndi Beehive? Pa YouTube ndi zomwe aliyense akuonetsa. Komanso ndamva kuti pa Cadillac pamafunika kubukitsa, zoona?

Nachisale_Portland:
Ziwirizo sizothamanga achimwene, ndi zokwera ndi manja pa zitsulo zokhomerera m'thanthwe phompho lili pambali, ndipo pa Beehive masana pamakhala mzere ngati pa chigayo. Pitani tsiku lopuma mukayende bwinobwino, kukakhala kouma. Precipice amaitseka kuyambira cha mu March mpaka cha mu August chifukwa mbalame zija za peregrine falcon zimaikira mazira pamenepo, September imakhala yotsegula nthawi zambiri komabe mufunse ku Hulls Cove Visitor Center mukafika.

Kubukitsa ndi kwa galimoto yokwera msewu wa pamwamba pa Cadillac basi, wa miyendo sabukitsa. Chomwe mukufunika ndi pasi yolowera mu paki, ine ulendo watha ndinalipira $35 ya galimoto ya masiku 7.

Koma a Madala ndikutsutsaniko pang'ono. Munthu wangonena yekha kuti mawondo akudandaula ndipo watha zaka ziwiri pa tala, ndiye masiku anayi onse pa granite abwerako akutsimphina, mwala umenewu subweza kanthu, kutsika kwake kumapweteka kuposa tala amene. Bola asinthanitse, lero thanthwe mawa carriage road. Ndiponso mukunyoza msewu wa ngolo koma mtunda wa Around the Mountain unakuimitsani kangati paja?

Madala_wa_ku_Lowell:
Kawiri kokha, ndipo ndinkajambula mlatho kkkk. Chabwino asinthanitse.

Mai_a_Tada:
Ine sindithamanga kwambiri koma ndiwonjezere ziwiri. Nkhupakupa. Za kuno si za ng'ombe zija timaziona ndi maso patali, ndi tating'ono ngati njere ya mpiru ndipo timapatsa matenda a Lyme, ndiye mukabwerako muzidzifufuza kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa, sokosi zazitali zimathandiza.

Chachiwiri Bar Island. Kuchokera mu tawuni ya Bar Harbor pali kanjira ka mchenga ndi miyala kopita pa kachilumbako komwe kamaoneka madzi akaphwera, muli ndi ola limodzi ndi theka madzi asanafike pansi penipeni ndi lina limodzi ndi theka pambuyo pake, mukachedwa nyanja imatseka ndipo mudikira maola ambirimbiri kapena kulipira boti. Ife a ku nyanja ya Malawi zimenezi sitinazizolowere, bambo a kunyumba anawoloka madzi ali m'mawondo foni ili pamutu ana akuwaseka kutsidya. Onani nthawi ya madzi musanapite.

Ocean Path kuchokera ku Sand Beach kudutsa Thunder Hole mpaka Otter Point ndi yokongola, makilomita 7 kupita ndi kubwera, koma mupite 6 koloko mmawa, ikakwana 10 simuthamanganso muzingoti pepani pepani.

Wa_pa_Likhubula:
Basi zamveka. Lachisanu Eagle Lake kuti miyendo izolowere, Loweruka South Ridge ngati kwauma, kukachita nkhungu ndisinthanitsa ndi Around the Mountain. Nsapato ndikagula mawa. A Madala ngati muli omasuka wikendi imeneyo tiyeni, mpando ulipo, mafuta tigawana.

Madala_wa_ku_Lowell:
Ndifunse kaye kunyumba. Koma ukadzafika pamwamba usandidikire, tikapezana pa basi.