Tayala limodzi latsopano pa galimoto ya AWD (yokoka ndi mawilo onse anayi), atatu enawo ogwirapo ntchito: zingatheke?

Wakumpoto:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Subaru Forester ya 2014, giyabokosi ya CVT (mtundu wa otomatiki), matayala 225/60 R17. Limodzi lakumbuyo lang'ambika m'mbali, silingamatike. Pa atatu otsalawo mizere yatsala mamilimita 4. Ogulitsa akuti ndigule onse anayi. Kodi n'zoona, kapena akungofuna malonda?

Sipanala17:
Achimwene, malonda akuwafuna ndithu, koma sakunama. Tayala latsopano limabwera ndi mizere yakuya pafupifupi mamilimita 8, anuwo ali pa 4. Tayala la saizi imeneyo likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamilimita 2,205, ndiye pa kilomita imodzi limazungulira maulendo 454. Milimita imodzi ikadyeka pa mizere, ulendo wa kuzungulira kumodzi umafupika ndi mamilimita 6.3. Anuwo ndiye afupika ndi 25. Pa kilomita iliyonse akalewo azizungulira kasanu kuposa latsopanolo. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre, kusiyanako kupitirira maulendo 1,500.

Galimoto siidziwa kuti mwagula tayala. Imangoona kuti kutsogolo ndi kumbuyo sikukuzungulira mofanana, ngati mmene zimakhalira gudumu likamaterera m'matope. Pa Forester ya CVT pali mapuleti a kilatchi amene amapereka mphamvu kumbuyo. Anapangidwa kuti aziterereka pang'ono pokhota, osati ulendo wonse pa phula. Akamakhulana osapuma amatentha, oyilo amawonongeka, mapuleti amadyeka. Pa Subaru ya giya yamanja muli viscous coupling, imene imalumikiza kutsogolo ndi kumbuyo, yodzaza ndi silikoni, ndipo ikapsa imatha kumangika. Chizindikiro chake: mukakhota mpaka chiwongolero kutha, poimika galimoto, imanjenjemera kapena kudumphadumpha, matayala n'kumakwekwereza pansi.

Malire amene amatchulidwa pa Subaru ndi akuti matayala onse anayi asasiyane kuposa kota ya inchi pozungulira, amene ndi mamilimita 6.35. Inu muli pa 25.

Mai_a_Difu:
Masamu a Sipanala17 ali bwino, koma ndiwonjezere kamodzi. Tayala losiyanalo likakhala limodzi, difu ya ekiselo imeneyo (magiya olola mawilo akumanja ndi akumanzere kuzungulira mosiyana) imagawa kusiyanako pakati, ndiye chofika pa kilatchi yapakati ndi theka. Kugula awiri n'kuwaika onse kumbuyo, kutsogolo kukhale akale, ndiye kumapereka kusiyana konse kwathunthu pakatipo. Pa galimoto yoyendera mawilo awiri kugula awiriawiri ndi nzeru, pa AWD si choncho ayi. Izi sizikutanthauza kuti limodzilo lili bwino, theka la 25 likupitirirabe malire, ndipo difu yakumbuyo izigwira ntchito ngati muli pa kona nthawi zonse.

Musanagule kanthu, yezani bwinobwino. Popani onse mpweya wolembedwa pa chomata cha pakhomo la dalaivala, matayala ali ozizira, chifukwa tayala lochepa mpweya limayenda ngati laling'ono. Kuya kwa mizere yezani ndi geji, malo atatu m'lifupi mwa tayala: kunja, pakati ndi m'kati. M'kati mukadyeka kwambiri, vuto ndi alayimenti, ndipo latsopanolo lidyekanso chimodzimodzi. Choyeza chenicheni ndi tepi: kwezani ndi jeke, kulungani tepi kapena chingwe chosatamuka pakati pa mizere, lembani manambala a onse anayi. Tepi ndi yofunika chifukwa matayala a makampani awiri, onse olembedwa 225/60 R17, sakhala ofanana ndendende.

Sipanala17:
Zoona mayi, za awiriwo ndinazidumpha.

Wakumpoto:
Zikomo. Nanga ngati m'thumba simukulola anayi?

Kanengo_Boy:
Ku America ena amagula latsopano n'kulipala ndi makina mpaka lifanane ndi enawo. Kwathu kuno njira yapafupi ndi la kaunjika. Fufuzani la kampani yomweyo, mtundu womwewo, la mizere pakati pa mamilimita 4 ndi 5. Pitani ndi geji yanu, musayeze ndi maso. Werengani manambala anayi omaliza pa DOT (nambala yodindidwa m'mbali mwa tayala), osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2019. La zaka zoposa 6, long'aluka m'mbali, lotupa kapena lomatidwa pafupi ndi phewa, lisiyeni ngakhale mtengo ukhale wokoma bwanji. Samalaninso ndi matayala a chisanu obwera ndi galimoto za ku Japan, olembedwa studless: labala yake ndi yofewa, pa phula lotentha imatha msanga, ndipo sangadyeke mofanana ndi anuwo.

Koma kunena zoona bwana, pa mamilimita 4 atatuwo apita kale. Timizere topingasa tosonyeza kutha tili pa 1.6, ndipo pa msewu wonyowa tayala limayamba kuchepa mphamvu lisanafike pamenepo. Akanakhala pa 7 ndikanati gulani limodzi. Pa 4, la kaunjika likhale longokufikitsani pamene mupeze ya anayi. Mukagula, muziwasinthanitsa malo pa makilomita 10,000 alionse kuti azidyeka limodzi. Ndipo ngati pano mukuyendera kasipeya kakang'ono kaja, musapyole 80 pa ola, ndipo kachoke mawa lomwe.