Amayi akukwanitsa zaka 65, za Medicare tiyambire pati?

Wobisa dzina: Abale ndithandizeni, mutu waima. Amayi akukwanitsa zaka 65 mu June, tili nawo kuno ku Indiana. Makalata a Medicare, inshuwalansi ya zachipatala ya boma la America ya anthu okalamba, angoti mbwee patebulo, sindikudziwa enieni ndi ati. Achimwene kumudzi ali phee, foni amaimba akafuna ya feteleza basi. Alamu anga akuti amayi angobwerera kwathu, pomwe shuga wawavuta. Tilembetse liti, kuti?

Ankolo a ku South Bend: Za feteleza mwalongosola, chenicheni mwasiya. Ali ndi green card? Ya zaka zingati? Anagwirapo ntchito kuno? Nthawi yolembetsa ndi miyezi 7, kwa iwo March mpaka September. Lembetsani May asanathe kuti iyambe pa 1 June. Kolembetsa ndi ku Social Security, pa ssa.gov kapena ku ofesi yawo. Makalata ambiriwo ndi a otsatsa malonda.

Anamwino: Part A, yolipira akagonekedwa m'chipatala, ndi yaulere ngati iwo kapena amuna awo anagwira ntchito yodulidwa msonkho zaka 10. Apo ayi amachita kugula, ndipo pafunika akhale atatha zaka 5 zotsatizana kuno ali ndi green card.

Wa Uber: Part B, yolipira akakaonana ndi dokotala, isiyeni, n'kuba kumeneko. Mu 2025 inali $185 pamwezi!

Ankolo a ku South Bend: Bambo inu musanamize anthu! Akachedwa, chaka chathunthu chilichonse amawonjezera 10%, chilango cha moyo wonse, kenako n'kudikira January mpaka March kuti alembetse. Amene angachedwe popanda vuto ndi amene ali pa inshuwalansi ya kuntchito, pakampani ya anthu 20 kapena kuposa. Ntchito ikatha ali ndi miyezi 8, abwana asaine fomu ya CMS-L564. COBRA, inshuwalansi ya kuntchito yopitiriza kulipira wekha ntchito ikatha, sawerengera.

Mtsikana wa ku Dallas: Nanga feteleza ali mu Part iti? 😂

Anamwino: Ankolo, mwaiwala Part D ya mankhwala, munthu wa shuga ameneyu. Akakhala masiku 63 opanda inshuwalansi ya mankhwala, chilango ndi 1% pa mwezi uliwonse. Insulin sapitirira $35 pamwezi. Alamuwo adziwenso kuti Medicare silipira chipatala cha ku Malawi.

Ankolo a ku South Bend: Sindinaiwale, ndimabwera komweko.

Wobisa dzina: Zikomo nonse, green card ilipo. Koma achimwenewa mukuti ndiwatani?

Ankolo a ku South Bend: YA ZAKA ZINGATI?