Za malipiro a uphungu wa zamaganizo zija, ndapeza mayankho

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake achemwali anga ku Leeds, m'dziko la England, amaonana ndi mlangizi wa zamaganizo osalipira kalikonse, pomwe ine kuno ku Blantyre ndimayamba ndatumiza ndalama pa Airtel Money ndisanakhale n'komwe pampando. Zikomo nonse amene munandithandiza nzeru.

Ku England uphunguwu umaperekedwa ndi NHS, bungwe la boma loona zaumoyo, ndalama zake zimachokera kumisonkho, ndipo munthu atha kudzilembetsa yekha osadzera kwa dokotala. Kungoti achemwaliwo anadikira miyezi ingapo asanaitanidwe, zomwe poyamba sanandiuze! Ku America ambiri amadalira inshulansi: iwe umalipira gawo lako ulendo uliwonse, yotsalayo ndi ya kampani. Ku South Africa lamulo limakakamiza medical aid (inshulansi ya zaumoyo) kulipirira wodwala depression (matenda ovutika maganizo) maulendo 15 pachaka, kapena masiku 21 ogonekedwa m'chipatala.

Kwathu kuno thandizo la matenda a maganizo ndi laulere m'zipatala za boma, monga ku Queen Elizabeth ndi ku Zomba Mental Hospital. Koma ine ndazolowerana kale ndi mlangizi wanga wapulayiveti, kuyambiranso kufotokoza zonse kwa munthu wina sindingathe. Tagwirizana kuti ndizipita kawiri pamwezi m'malo mwa sabata iliyonse, ndizilipira kumapeto kwa mwezi malipiro akalowa.